Za wayilesi ya LM ndi anthu amene ankalondera Sabata



Pali uthenga umene ukuyendayenda m'mafoni mwathu, ndipo wafika kale m'magulu a mpingo ndi a pabanja. Mwini wake sadziwika, monga zimakhalira ndi mauthenga otere. Uthengawo ukuti Satana analowa kum'mwera kwa Africa kudzera pa wayilesi ya LM Radio, imene inkaulutsa nyimbo za rock kuchokera ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Ukunenanso kuti boma la Mabunu, ngakhale linali ndi zolakwa zake, linkaopa Mulungu, pakuti linkasunga Sabata ndipo linaletsa nyimbo za The Beatles. Kumapeto kwake ukutilamula kuti tichotse magitala ndi ng'oma m'makwaya a ana athu. Ndaona anthu amene ndimawalemekeza akulemba Amen pansi pake. Ine uthengawo ndikuukana, ndipo mboni imene ndiitane ndi mbiri ya wayilesi yomweyo. Khalani nane, nkhaniyi ndi yaitali, koma amene anaitumiza anadalira kuti palibe amene adzaifufuze.

Wayilesi ya ku Lourenço Marques inayamba kumveka pa 18 March 1933. Anaiyambitsa ndi kagulu ka Apwitikizi okonda zipangizo zoulutsira mawu, ndipo chaka chotsatira inakhala kaye chete chifukwa ndalama zinatha. Mu 1935 munthu wina wa ku South Africa, G. J. McHarry, analowapo, ndipo nyumba ya mawuyo, imene inadziwika ndi dzina lakuti Rádio Clube de Moçambique, inayamba kulankhula m'Chingerezi, nkhope yake italoza ku Johannesburg. Onani zaka zimenezi bwino. Pa nthawiyo Elvis Presley anali khanda, pakuti anabadwa mu 1935 momwemo, ndipo nyimbo yotchedwa rock kunalibe. Chimene chinautsa wayilesi imeneyi kuchokera kumanda sichinali gitala. Chinali malonda. Bungwe la boma la South Africa loulutsa mawu, SABC, linakhazikitsidwa mu 1936, ndipo silinkalola kutsatsa malonda. Ogulitsa sopo, mankhwala ndi fodya ankafuna pakamwa polankhulira, ndipo anapapeza kutsidya kwa malire.

Pano pali chinthu chimene ife Apresibeteriyani tiyenera kuchimva ndi makutu onse awiri, chifukwa chikukhudza nyumba yathu. Munthu amene boma la South Africa linamuitana mu 1934 kuti alangize za mmene SABC ikhalire anali John Reith, mkulu wa BBC. Reith anali mwana wa mbusa wa ku Glasgow, wa mpingo womwe uja umene unkayang'anira mishoni ya Livingstonia. Anali munthu wa Sabata kwenikweni. Pa ulamuliro wake, tsiku Lamulungu BBC inkaulutsa mapemphero, nkhani zozama ndi nyimbo zodekha, ndipo nyimbo zovinira zinalibe malo. Ine sindikumuseka Reith. Ankachita zimene chikumbumtima chake chinkamuuza. Koma taonani chimene chinachitika. Munthu wina wotchedwa Leonard Plugge anagula nthawi pa wayilesi ya m'tauni ya Fécamp, m'mphepete mwa nyanja ku France, nayamba kuulutsa m'Chingerezi kuloza ku England pa dzina lakuti Radio Normandy. Tsiku limene ankakolola kwambiri linali Lamulungu. Antchito a m'mafakitale, amene tsiku lawo lopuma linali limodzi lokhalo, ankangopotoza kabatani n'kuchoka kwa Reith kupita kwa Plugge.

Mmodzi wa akuluakulu a kampani ya Plugge anali Richard Meyer. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Meyer anabwera ku Africa, ndipo mu 1947, pamodzi ndi mnzake John Davenport, anatenga kayendetsedwe ka mbali ya Chingerezi ya wayilesi ya ku Lourenço Marques. Analemba ntchito muulutsi David Davies, amene mawu ake anadzakhala chizindikiro cha LM kwa zaka zambiri. Nzeru inali yomwe ija ya ku Normandy: peza dziko limene wayilesi yake ya boma imalankhula ngati mphunzitsi wamkulu ali ndi chikoti m'manja, imika mlongoti kunja kwa malire kumene lamulo lake silifika, ndipo ugulitse makutu a anthu ake kwa amalonda. Msampha umene unakola mbewa ku England unakolanso ku Transvaal.

Kodi SABC inatani itaona ndalama zikuwoloka malire? Kodi inaitanitsa kusala kudya? Ayi. Pa 1 May 1950 inatsegula Springbok Radio, wayilesi yakeyake ya malonda. Bungwe limene linabadwa likunyansidwa ndi kutsatsa malonda linayamba kutsatsa malonda litangomva fungo la phindu. Sungani chimenechi mumtima, chifukwa chidzabweranso.

Springbok itatenga amayi a pakhomo ndi masewero a madzulo, LM inayenera kufuna munda wina, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 inaupeza mwa achinyamata. Zinthu ziwiri zinakumana. Ku America kunali kutabuka nyimbo za rock and roll, ndipo m'masitolo munayamba kufika timawayilesi ta mabatire, timene mwana angathe kulowa nato m'bulangete makolo osadziwa. LM inkaulutsa pa shortwave, mafunde amene amakwera kumwamba n'kugunda mpweya wa kutali, kenaka n'kubwerera pansi makilomita mazanamazana kuchokera pamene anachokera. Mafunde otere sadziwa chiphaso, sadziwa wapolisi wa pachipata. N'chifukwa chake LM inkamveka ku Johannesburg ndi ku Durban, komanso ku Salisbury, ku Lusaka ndi kwathu kuno. Achikulire amene munagwirako wayilesi ija ya Saucepan, imene inabwera mu 1949 kuti anthu amvere ku Lusaka, mukudziwa mmene munthu ankasakira mawu pakati pa phokoso, khutu litagunda chitsulo. Pulogalamu yotchuka koposa inali LM Hit Parade, mndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri, ndipo inkamveka Lamulungu usiku. Pamenepo uthenga uja ukunena zoona: LM inkakolola pa Sabata, ndipo inkatero mwadala.

Tsopano tifike pa The Beatles, pakuti pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Mu March 1966 nyuzipepala ina ya ku London inalemba mawu a John Lennon akuti gulu lawo linali litatchuka kuposa Yesu. Mawuwo anali odzikuza ndi opusa, ndipo ine sindidzawaikira kumbuyo pamaso pa munthu aliyense. Atafalikira ku America mu August chaka chomwecho, SABC inaletsa nyimbo za gululo, ndipo chiletsocho chinakhala mpaka mu 1971. Achinyamata ankangopotoza kabatani n'kukazimva ku LM. Mkati mwa SABC munalinso chizolowezi china chimene ambiri sachidziwa: nyimbo ikaweruzidwa kuti ndi yosayenera, ankatenga chinthu chakuthwa n'kuikanda pachimbale pomwepo kuti singano isathe kuyendapo. Kusamala kwake kunali kotere.

Wapampando wa SABC pa nthawiyo anali Piet Meyer. Musamusokoneze ndi Richard Meyer uja. Dzina ndi limodzi koma anthu ndi awiri. Piet Meyer analinso wapampando wa Broederbond, gulu la chinsinsi la Mabunu limene linkakonza ndi kuteteza ndondomeko ya tsankho. Ameneyu ndiye mlonda amene uthenga uja ukutipatsa kuti timutsanzire. Ndiye tiyeni tifunse zimene makutu ake ankamva ndi zimene sankamva. M'chaka chomwecho cha 1966, pa 11 February, boma lake linalengeza kuti dera la District Six mu mzinda wa Cape Town ndi la azungu okha, ndipo m'zaka zotsatira anthu oposa 60,000 anachotsedwa m'nyumba zawo, nyumbazo n'kugumulidwa. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake Nelson Mandela ndi anzake anali atalamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Pa 21 March 1960 apolisi anawombera ndi kupha anthu 69 ku Sharpeville, ambiri a iwo kumsana, akuthawa. Wayilesi imene inanjenjemera ndi mkwiyo chifukwa cha mawu a mnyamata wa ku Liverpool inkadzuka m'mawa uliwonse kufotokozera dziko kuti zonsezi ndi zabwino ndi zoyenera. Dzina la Yesu linanyozedwa ndi Lennon kamodzi, m'nyuzipepala. Linkanyozedwa tsiku ndi tsiku ndi anthu obatizidwa amene ankaika chikwangwani cha azungu okha pa benchi, pa chipatala ndi pa khomo la tchalitchi. Pa ziwirizi, chimene SABC inachiona kuti ndi mwano ndi choyamba chokha.

Wina adzati: koma akulu a mpingo, zimenezo ndi ndale, ife tikukamba za kuopa Mulungu. Ndikuyankheni ndi nkhani ya mpingo. Sharpeville itachitika, mipingo inakumana ku Cottesloe mu Johannesburg mu December 1960, ndipo nthumwi, kuphatikizapo za Dutch Reformed, zinavomereza kuti palibe wokhulupirira amene ayenera kutsekeredwa kunja kwa tchalitchi chifukwa cha khungu lake. Nduna yaikulu Hendrik Verwoerd anakwiya, ndipo masinodi a Dutch Reformed anakana zimene nthumwi zawo zomwe zinavomereza. Mbusa mmodzi, Beyers Naudé, mwana wa mmodzi wa oyambitsa Broederbond, anakana kubweza mawu. Mu 1963 analalikira ku mpingo wake za kumvera Mulungu koposa anthu, nataya ubusa wake, ndipo mu 1977 boma linamutsekera pakhomo ndi kumuletsa kulankhula pagulu. Ngati tikufuna Mbunu woopa Mulungu woti timutsanzire, ameneyu alipo. Koma anthu amene ankakanda zimbale ndi omwewo amene ankamutcha Naudé wopanduka. Mu 1982, ku Ottawa, mgwirizano wa mipingo ya Reformed ya pa dziko lonse, banja limene ife tili m'kati mwake, unagamula kuti kuteteza tsankho ndi Mawu a Mulungu ndi chiphunzitso chonyenga. Mlandu unaweruzidwa kale ndi abale athu. Ife ndife yani kuti tiudzutse pa WhatsApp n'kumupatsa wolakwa chipewa cha ulemu?

Ndikudziwa kuti pano mitima ya ena ikuwawa, makamaka ife amene tinaleredwa pansi pa mthunzi wa Nkhoma. Andrew Murray ndi T. C. B. Vlok anafika ku Mvera mu 1889 atatumidwa kuchokera ku Cape. William Murray anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene tikuwerenga mpaka lero. Ngongole imeneyi ndi yeniyeni ndipo palibe amene angaifafanize. Koma kuyamika munthu amene anakukumbira chitsime sikukukakamiza kumwa madzi onse amene abale ake anatunga pambuyo pake. Tingathe kulemekeza a Murray popanda kugwadira Piet Meyer.

Pali chinanso chimene uthenga uja sukunena, ndicho kumene nyimbo zimenezi zinachokera. Rock and roll inabadwa mwa anthu akuda a ku America, ndipo mzamba wake mmodzi anali tchalitchi. Rosetta Tharpe, mayi woimba nyimbo zauzimu, ankaliza gitala ya magetsi potamanda Mulungu Elvis asanadziwike. Little Richard anaphunzira kuimba m'matchalitchi a ku Macon, m'chigawo cha Georgia. Ndipo ambiri amene anayamba kuitcha nyimbo ya mdierekezi sanabise chifukwa chawo. Mu 1956 ku Alabama, mtsogoleri wa gulu la azungu atsankho, Asa Carter, ankalalikira poyera kuti nyimbozi zikukokera ana a azungu ku makhalidwe a anthu akuda. Mu mzinda wa Birmingham wa m'chigawo chomwecho, azungu anaphulitsa tchalitchi cha Baptist Lamulungu m'mawa pa 15 September 1963, n'kupha atsikana anayi. Ndipo mu 1966 aulutsi a mu mzinda womwewo ndiwo anayambitsa kampeni yotentha zimbale za The Beatles poteteza dzina la Yesu. Mukamva munthu wa m'zaka zimenezo akunena kuti ng'oma ndi ya mdierekezi, funsani kaye kuti ankanena ng'oma ya yani. Nthawi zambiri ankanena ya agogo anu.

Tsopano ndikutembenukira kwa inu amalume ndi atsibweni amene mwakhala mukumwetulira powerenga, inu amene munavalako mabuluku otambalala kumapazi, amene mukamva dzina la LM maso anu amalengeza misozi. Mumati inali wayilesi ya ufulu. Nanunso ndikukutsutsani, ndipo mwina kuposa oyamba aja. LM inkaulutsa kuchokera ku likulu la dziko la atsamunda a Chipwitikizi, pansi pa ulamuliro wankhanza wa Salazar. M'dziko limenelo munali chibalo, ntchito ya kalavula gaga, imene inathawitsa makolo a Alomwe ndi Asena ambiri kubwera kudzakhala ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chigwa cha Shire. Doko la Lourenço Marques linkadya pa pangano la mu 1928, limene linkati South Africa izidutsitsa gawo la katundu wake padokopo, ndipo Apwitikizi azipereka amuna okakumba m'migodi. Gawo la malipiro a amunawo linkafika m'manja mwa boma la Apwitikizi ngati golide. Mzindawo unali kopumira azungu a ku Transvaal, kumene ankapita kukadya nkhanu za m'nyanja, kumwa, ndi kuchita zimene kwawo zinali zoletsedwa. Wayilesiyo inali mbali ya msika womwewo. Mawu amene ankalankhula pa LM anali a azungu, ndipo thumba limene amalonda ankalilondola poyamba linali la mwana wa mzungu. Bambo wa ku Dedza kapena ku Mzimba amene ankamvera ali m'komponi ya mgodi atapita ndi Wenela ankangotola nyenyeswa za phwando la eni ake. Nyimbozo zinkakoma, sindikukana. Koma ufulu umene LM inkagulitsa unali ufulu wovina, ndipo boma la tsankho likanatha kukhala nawo ufulu umenewo mpaka kalekale popanda kugwa njerwa imodzi.

Ndikupatseni dzina limene ndikufuna kuti Mpresibeteriyani aliyense alidziwe. Abusa Zedequias Manganhela anali mtsogoleri wa sinodi ya mpingo wa Presbyterian wa ku Mozambique, mpingo umene unabadwa mwa amishoni a ku Switzerland, womwenso unalera Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo. Mu June 1972 apolisi a chinsinsi a Chipwitikizi anawamanga pamodzi ndi atsogoleri ena a mpingowo, nawatsekera m'ndende ya Machava, kunja pang'ono kwa Lourenço Marques. Mu December chaka chomwecho anapezeka atafa m'chipinda chawo. Boma linati adzipha. Mpingo wawo ndi mipingo ya kunja sinakhulupirire. M'mwezi womwewo, pa 16 December, asilikali a Chipwitikizi anapha anthu mazana ku Wiriyamu m'chigawo cha Tete, pafupi ndi kwathu, ndipo dziko linadzamva nkhaniyo mu July 1973 pamene wansembe Adrian Hastings anailemba m'nyuzipepala ya ku London. Mtunda wochokera ku nyumba ya wayilesi kukafika ku Machava munthu angauyende pa galimoto tiyi asanazizire. Mlongoti umene unkatha kuponya mawu mpaka ku Zomba sunathe kuponya dzina la mbusa amene ankafera pakhomo pake, pakuti mu mzinda umenewo kalikonse kolankhulidwa pagulu kankadutsa m'manja mwa boma, ndipo ntchito ya LM inali nyimbo ndi malonda basi.

Ndiye taonani anthu awiri amene uthenga uja ukuwaika ngati kuwala ndi mdima. Wina ankaimba masalimo osatchula Sharpeville monga tchimo. Wina ankaliza magitala osatchula Machava n'komwe. Akuluakulu anati anyani amasekana zikundu. Ndipo ngati mukuganiza kuti ndikuwanamizira pa kuwaika m'khola limodzi, mvetserani mmene nkhaniyi inathera. M'chaka chomwecho cha 1972, SABC inatenga kayendetsedwe ka LM Radio. Inde, SABC ya Piet Meyer, imene inkakanda zimbale. Kodi inaitseka, popeza tsopano khomo la Satana linali m'manja mwake? Ayi ndithu. Inapitiriza kuulutsa nyimbo za achinyamata ndi kulandira ndalama za malonda. Mmene ine ndikuonera, inapeza zinthu ziwiri pa kamodzi: phindu limene linkathawira kunja, ndi mphamvu yosankha chimene mwana wa ku Pretoria amve. Zimene inachita mu 1950 ndi Springbok inazibwereza. Chimene chinkaipweteka kuyambira pachiyambi sichinali kulira kwa gitala, koma kuti gitalayo inkalira pamalo pamene dzanja lake silinkafika.

Ambuye wathu, m'mutu 23 wa Mateyu, anadzudzula atsogoleri amene ankawerengera timasamba ta ndiwo kuti apereke chakhumi molondola pomwe anasiya chilungamo ndi chifundo. Mneneri Amosi, m'mutu 5, akutionetsa Mulungu akutseka makutu ake ku nyimbo. Koma werengani bwino kuti zinali nyimbo ziti. Sizinali za kumalo omwera mowa. Zinali nyimbo za chipembedzo, za pa zikondwerero zopatulika, zoimbidwa ndi anthu amene ankapondereza osauka pa bwalo la milandu. Chimene chinaipitsa nyimbozo sichinali chingwe cha zeze, chinali manja a oimbawo. Ndipo amene akufuna kuchotsa zoimbira m'nyumba ya Mulungu ayambe wakambirana ndi Salimo 150.

Musandimve molakwa, makolo anzanga. Sindikunena kuti nyimbo iliyonse ndi yabwino. Zambiri zimene LM inkaulutsa zinkatamanda chilakolako, ndipo moyo wa oimba ambiri a rock unathera mu mowa ndi mankhwala ozunguza bongo; Jimi Hendrix ndi Janis Joplin anafa mu 1970 onse ali ndi zaka 27. Kholo lili ndi udindo womva zimene mwana akumvera, ndipo sesoni ili ndi udindo woyesa mawu a nyimbo imene ikuimbidwa pa guwa. Sabata nalonso ndi lopatulika, ndipo ine ndidzafa ndikulisunga. Koma pamenepanso mbiri ya LM ikutiuza chinthu chowawa. Reith anatseka, Plugge anakolola. SABC inatseka, Davenport ndi Richard Meyer anakolola. Kawiri konse, anthu amene anangodziwa kuletsa, osapereka kanthu kena m'malo mwake, ndiwo anakonzera amalonda msika. Ifenso kwathu kuno tinalawako zimenezi: lamulo la mu 1968 linaika bungwe loyesa nyimbo, mabuku ndi mafilimu, ndipo lamulo la mu 1973 linkayeza kutalika kwa siketi, apolisi n'kumameta anyamata a tsitsi lalitali. Amene munalipo mungachitire umboni ngati zimenezo zinatsekula chipata cha ndende ya Mikuyu kapena kuyeretsa mtima wa munthu mmodzi. Mnyamata amene mumulande gitala ku kwaya Lamulungu lino sadzasiya kuimba. Adzakaimba kumene kulibe mkulu wa mpingo woti amufunse za mawu a nyimbo yake, ndipo kumeneko alipo kale omudikira, monga Plugge ankadikira ku Fécamp.

Mathero a LM anabwera mofulumira. Boma la Lisbon linagwa mu April 1974. Pa 7 September chaka chomwecho, tsiku limene Portugal ndi Frelimo ankasainirana pangano ku Lusaka, azungu okana ufulu wa Mozambique analanda nyumba ya Rádio Clube, nayamba kuulutsa mawu oitana anzawo kuti aukire. Anakhalamo masiku owerengeka, ndipo anthu ambiri anafa mu mzindamo. Taonani kuti tsiku limene nyumba imeneyo inalankhuladi za ndale mokweza, inalankhula poteteza utsamunda. Mozambique inalandira ufulu pa 25 June 1975, ndipo boma latsopano linatenga nyumbayo. LM Radio inatseka pa 12 October 1975, tsiku Lamulungu. Kutacha Lolemba, pa 13 October, SABC inatsegula Radio 5 mu Johannesburg, imene lero ndi 5FM, kuti iziulutsa nyimbo zomwezo kwa achinyamata omwewo, tsopano pansi pa denga lake lenileni, Piet Meyer akadali pampando.

Pempho langa ndi ili. Nkhani ya zoimbira m'kwaya ikadzafika ku sesoni, idzabwere ndi Malemba ndi zifukwa za eni mpingo, ndipo achinyamatawo adzaitanidwe kuti adzayankhe okha. Isadzabwere itakwera pamsana pa Broederbond. Ndipo inu amene munatumiza uthenga uja ku magulu asanu, tumizaninso uwu ku magulu omwewo, dzina la Abusa Manganhela lili momwemo.